Mamita 30 omaliza ku Chirimba

Foni inalira 5 koloko m'mawa. Anali dalaivala wa lowbed, lole yotsika pansi yonyamulira katundu wolemera, mawu ali osasa ndi tulo: "Achimwene, ndagona pa Zalewa, kwacha tsopano ndikunyamuka. Konzekani." Ndinangomwa tiyi choimirira, n'kuthamangira minibasi pa Chemusa yolowera ku Chirimba, kufakitale komwe tinali ndi ntchito yokhazika makina.

Katundu amene tinkadikirayu ndi makina othira zakumwa m'mabotolo apulasitiki, mzere wonse wathunthu: ouzira mabotolo, othira, otseka zivindikiro, omata mapepala, ndi malamba oyendetsa mabotolo. Zing'onozing'ono zinafika kale m'makontena a mafiti 40. Chotsala chinali chimutu chake, chigawo chachikulu cha makinawo, cholemera matani 14, chomwe m'kontena wamba sichikanalowa chifukwa cha msinkhu.

Dziko lathu lilibe doko la kunyanja yamchere, ndiye chilichonse cholemera chimatipeza chitazungulira, kaya ndi ku Beira, ku Nacala, ku Durban kapena ku Dar es Salaam. Ichi chinatsikira ku Beira, chinawoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa pa Zobue ndi pa Mwanza, pomwe pali mapepala a MRA ndi sikelo ya malole. Katundu wopyola muyezo chonchi amafuna chilolezo chapadera ndi galimoto yoperekeza ya mbendera zofiira. Ine ndinali nditayenda kale msewu wonse kuyambira pa Lirangwe, Lunzu mpaka pa Kameza ndili ndi ndodo yoyezera, kulemba paliponse pamene waya walendewera. Zonsezi ndi ntchito, sindikukana. Koma eni mafakitale amawerenga miyezi ya panyanja ndi masabata a pamsewu, lole ikangolowa pageti iwo mtima pansi, ati zatha. Kwa ife okweza ndi kumanga makina, m'pamene thukuta limayambira.

Kuchokera pomwe lole inaima kufika pakonkire pomwe makinawo akhale panali mamita 30 basi. Anatidyera kuyambira 10 koloko mpaka dzuwa kupendeka.

Kireni yomwe tinabwereka ndi ya matani 50, ndipo bwana wa fakitaleyo anadabwa nditamuuza kuti mwina siikwana. Matani 50 aja imanyamula katundu ali pafupi penipeni ndi thupi lake. Mkono ukamatambasuka mphamvu imatsika msanga, moti ukafika patali matani 14 omwewa angathe kuigwetsa chafufumimba. Tinaisendeza katatu konse. Nthaka nayo inali yonyowa ndi mvula ya usiku, mwendo umodzi wa kireni unayamba kumira pang'onopang'ono tisanakweze n'komwe. Amene anaona ndi madala athu, achikulire omwe anandiphunzitsa ntchitoyi. Sanakuwe. Anangokweza dzanja, n'kuloza pansi. Tinayala matabwa ochindikala a bulugama pansi pa miyendo yonse inayi, n'kuyambanso.

Lamulo lawo ndi limodzi, ndipo ine ndimaligwiritsa kulikonse: katundu akakhala m'malere, wolankhula ndi woyendetsa kireni ndi munthu mmodzi yekha. Bwana, injiniya, mwini ndalama, onse pakamwa tseke. "Kweza" ndi "tsitsa" zikamveka nthawi imodzi kuchokera kwa anthu awiri, wina amapita kwawo opanda zala.

Kireni inatula chimutucho pakhomo, chifukwa m'kati mwa nyumba mkono wake sungalowe. Kuchokera apo ndi majeke, mapaipi achitsulo ogudubuzira, ndi tcheni buloko, chipangizo cha tcheni chokokera zolemera, yomangirira ku nsanamira. Umakoka chikhatho chimodzi, kuima, kuchotsa paipi yakumbuyo, kukaiika kutsogolo. Mnyamata wina watsopano anafuna kukonza paipi ndi dzanja makina akuyenda. Madala anamugwira pakolala n'kumukokera kumbuyo. "Mwana wanga, chitsulo sichimva kuti pepani. Tenga ndodo." Mnyamatayo anakhala chete tsiku lonse, koma ndodo sanaisiyenso.

Ndifike pa zomwe zandilembetsa zonsezi, nkhani ya konkire. Simenti imafuna masiku 28 kuti ifike pa mphamvu yomwe injiniya anawerengera. Zaka zingapo zapitazo, pa fakitale ina cha ku Limbe, mwini wake anatiumiriza kukhazika makina pakonkire ya masiku 9. Anali ndi ngongole kubanki, ine ndinali ndi fizi ya ana, ndipo ndinavomera. Miyezi inayi isanathe pansi panang'ambika, mabawuti anayamba kugwedera, mabering'i akutha mwezi ndi mwezi. Tinachita kuzula makina onse, kuswa konkire, kuthira ina. Fakitale inaima pafupifupi miyezi iwiri ndipo aganyu ambiri anauzidwa kuti abakhala kunyumba. Ena mwa iwo ndimakumana nawo mumsika wa Limbe mpaka lero, ndipo zimandipwetekabe mumtima, chifukwa ndinkadziwa choyenera koma ndinatseka pakamwa.

Ndiye ku Chirimba kuno ndinakana poyambirira pomwe. Konkire tinathira makina akadali panyanja, tinkaithirira madzi m'mawa ndi madzulo itafundidwa masaka, ndipo tsiku lothira ndinalilemba ndi choko pakhoma kuti aliyense aziwerenga yekha. Bwana atafunsa ngati sitingachepetseko, ndinamuyankha mwaulemu kuti, "Bwana, mukafuna kufulumira pamenepa, pezani munthu wina." Anaseka, koma anadikira.

Kulinganiza makina kunatitengera masiku atatu, ndipo wodutsa akhoza kuganiza kuti tikungocheza. Munthu wagona chafufumimba pansi, maso ali pa kadontho ka levulo, choyezera ngati chinthu chapendekeka, mnzake akulowetsa tizitsulo topyapyala ngati lezala pansi pa mwendo wa makina. Kumanga bawuti, kadontho kathawa, kumasulanso. Botolo lapulasitiki lopanda kanthu ndi lopepuka kwambiri, moti polumikizana malamba awiri pakasiyana mamilimita awiri okha limapunthwa n'kugwetsa anzake onse akumbuyo. Zitalingana tinathira simenti yamadzimadzi kuzungulira miyendo kuti pasatsale mpata.

Za magetsi ndidutse mwachangu, poti ndi za anzathu amawaya. Athu ndi a mavoti 400 pa mawaya atatu. Ukasinthanitsa mawaya awiri mota imazungulira chobwerera, ndipo pampu ikhoza kuwonongeka usanazindikire. Choncho mota iliyonse timaiyatsa kamphindi payokha, kuona kumene ikulowera, tisanailumikize ku lamba. Injiniya wochokera kwa opanga makinawa Chichewa sadziwa, Chingerezi chakenso n'chochepa, tinkamvana ndi manja ndi zojambula papepala, koma pa mfundo imeneyi tinagwirizana osatsutsana.

Dzulo masana tinayatsa mzere wonse koyamba. Mabotolo anayamba kutuluka ali ndondondo, kudutsa pothira, potseka, mpaka kumapeto, osagwa ngakhale limodzi. Anyamata anayamba kuimba malikhweru. Madala sanayang'ane mabotolowo. Anapisa m'thumba la ovolosi, n'kutulutsa K10 yachitsulo, n'kuiimika cham'mbali pamwamba pa chimutu chija makina ali pa liwiro lonse. Tonse tinaunjikana kuyang'ana. Ndalamayo inaima njii. Patapita kanthawi anaitola, n'kuipereka kwa mnyamata wa ndodo uja, nati, "Sunga, udzayesere pa ako."