Chenje chimene anandibwezera

Loweruka usiku. Kaya ndinene kuti Lamulungu, poti 12 koloko yadutsa kalekale.

Tulo sitikubwera. Ndathimitsa getsi kawiri, kawiri konse ndadzukanso kudzakhala pampando uno. Kope lija lili apa patebulo, ndipo m'thumba la jekete muli mapaundi 8 amene sindikudziwa chochita nawo.

Masana ndinapita kukamsika kamene kamachitikira mu holo ya tchalitchi china kuno ku Manchester. Ndinkangofuna uchi. Pakona, pafupi ndi khomo la kukhitchini, panali mayi wina wa ku Ukraine akugulitsa makope ndi makadi. Makope osoka pamanja, a chikuto cha nsalu. Limene linandikoka maso linali ndi mbalame yofiira, mchira wake wotambasuka ngati maluwa, nthenga iliyonse mzere umodzi wokha wa burashi. Mayiwo anati kajambulidwe kameneka kamatchedwa Petrykivka, dzina la mudzi umene kanachokera, ndipo burashi yake amapanga ndi ubweya wa mphaka.

Mtengo unali mapaundi 12. Ndinapereka ya 20 n'kunena kuti chenje chitsale. Ndinawonjezanso kuti pepani ndi nkhondoyi, anthu a kwanu ndinu olimba mtima.

Sanamwetulire. Anatsegula kachikwama, kuwerenga ya 5 ndi makobidi atatu, kundiikira m'manja, kenaka n'kupinda zala zanga ndi dzanja lawo.

"Tengani chenje chanu, mayi. Kodi kopelo mwaliona? Talitsegulani pakati."

Nkhope yanga inatentha. Kwathu munthu akakupatsa kanthu umalandira ndi manja awiri, ukakana ndiye kuti pali chifukwa. Ndinafuna kungochokapo. Koma anali akundiyang'anabe, akudikira, choncho ndinatsegula. Linagona lokha patebulo, fulati, osadzitseka. Anandisonyeza ulusi pakati pa mapepala, wopaka phula la njuchi, mfundo yake yobisika mwakuti chala sichiimva. Anati ndilipinde cham'mbuyo. Ndinapinda, palibe chinathetheka.

"Mukafuna kuthandiza ovulala, chitini chili apo. Koma kope ndi mapaundi 12, chifukwa ndi kope labwino."

Kunja kunali mvula, ogula anali ochepa, ndiye anandikokera mpando. Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Uchi uja sindinagule n'komwe.

Iwo amangojambula zikuto. Kusoka kumachitikira ku Kharkiv, m'chipinda chapansi pa nyumba ina, komwe mng'ono wawo ali ndi amayi ena atatu. Kharkiv ndi mzinda wachiwiri kukula m'dziko la Ukraine, ndipo malire a Russia ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 okha. Anati kumeneko nthawi zina mzinga umafika sayirini isanalire. Iwo anachoka mu 2022 ndi mwana wawo wamwamuna, nkhondo yaikuluyi itangoyamba pa 24 February, n'kudzalandiridwa ndi banja lina kudzera mu ndondomeko ya boma la Britain yolandirira othawa nkhondoyi, yotchedwa Homes for Ukraine. Mng'ono wawo anakana kuchoka. Anati makina odulira mapepala sangalowe mu sutikesi.

Makinawo ankayendetsa ndi bambo wina, mpaka pamene anaitanidwa ku usilikali. Amayi aja anaphunzira okha, mmodzi akugwira foni, bamboyo akuwalangiza ali kumalo komwe sakanatha kutchula. Ndiyo nkhani ya mabizinesi ambiri kumeneko, anatero: amuna akupita, ndipo chiyambire 2024 akuitanidwa kuyambira zaka 25 pomwe kale zinali 27. Otsala ndi amayi ndi madala.

Kenaka nkhani ya magetsi. Kuyambira October 2022 Russia yakhala ikuphulitsa malo opangira ndi kugawira magetsi, ndipo mu March 2024 Kharkiv yonse inatsala mumdima. Amayi aja amagawa ntchito potengera magetsi. Akayaka, onse amathamangira kudula ndi kusindikiza. Akathima, amavala tochi pachipumi n'kukhala pansi kusoka, chifukwa singano sifuna magetsi. Jenereta ali nayo koma mafuta amadya phindu lonse, ndiye amailiza pokhapokha oda ikathina. Chimene chimawasautsa kwambiri ndi guluu. M'nyengo yozizira chipindacho chimazizira mpaka guluu kukana kugwira, ndiye mng'ono wawo amaika botolo m'kati mwa juzi, pamimba, kuti lifunde.

Apa ndinalowererapo kuti zogawa ntchito ndi magetsi ife tikuzidziwa, telala wa kwathu ku Ndirande amateronso, ndipo owotcherera zitsulo amagwira usiku. Anaseka koyamba. Anafunsa ngati kwathu magetsi amathimanso maola ambiri, ndinati eya. Koma nditangonena ndinadzimva ndekha kuti zinthu ziwirizi n'zosiyana. Kwathu amathima chifukwa makina akalamba, madzi achepa mu Shire, kapena zinyalala zatseka. Kwawo pali munthu amene wakhala pansi ndi mapu, n'kusankha kuti mawa m'nyengo ya chisanu mzinda uwu ugone mumdima.

Tili pakati pocheza foni yawo inalira. Kulira kwake kunali kwa sayirini yeniyeni, ndipo anthu a patebulo loyandikana anatembenuka. Ali ndi apu imene imachenjeza za mizinga ndi madroni, ndipo anaisiya yotchera ku Kharkiv ngakhale ali kuno. Anaitontholetsa, kulembera mng'ono wawo kauthenga kafupi, n'kuika foniyo chagada pakati pa makadi. Nthawi yomweyo kunabwera gogo wina wachizungu akufuna khadi la tsiku lobadwa la mdzukulu. Mayiwo anamusonyeza makadi atatu, kumufunsa zaka za mwanayo, kumusankhira la kalulu, kuliika mu envulopu, kupereka chenje. Mawu awo sanasinthe ngakhale pang'ono. Ine ndinkangoyang'ana dzanja lawo lamanzere, limene linali pafupi ndi foni, chala chikugogoda tebulo. Gogo uja atachoka foni inawala. Ananditembenuzira kuti ndione. Uthenga wake unali kachizindikiro kamodzi, ka kuphatikiza: +. Anati ndi mmene amayankhirana. Ndiye kuti ndili moyo, ndamva, pitiriza ntchito.

Kachizindikiro kameneka ndi kamene kandimana tulo. Ine mayi anga akachedwa kuyankha pa WhatsApp tsiku limodzi ndimayamba kuimbira abale onse.

Atapuma pang'ono ndi pamene anabwerera ku mawu anga aja, oti olimba mtima. Anati sakundida, akudziwa kuti ndinanena ndi mtima wabwino. Koma mawuwo awatopetsa. Munthu akakutcha wolimba, iye amapumula, poti wolimba safuna chithandizo. Anati iwo si olimba. Atafika kuno anatha miyezi isanu ndi itatu osagwira burashi, akungokolopa zipinda mu hotela m'mawa n'kugona masana. Mnzawo wina amene ankaumba makapu anatseka shopu ndipo safuna kumva za dongo. Wina ali ku Lviv, anasamutsa makina ake, koma makasitomala ake onse anamwazikana. Amene mukuwaona pamsika, anatero, ndi amene atsala, ndipo enawo simudzawaona.

Ndinakumbuka March 2023, namondwe Freddy atagumula mapiri kwathu, matope atakwirira nyumba ku Chilobwe, anthu oposa 1,000 atapita. Anzanga a kuntchito kuno ankandigwira paphewa n'kumati Amalawi ndinu anthu opirira. Ndinkangogwedeza mutu koma m'kati ndinkapsa mtima, ndipo sindinkadziwa chifukwa chake. Lero ndanena mawu omwewo kwa munthu wina.

Za chenje anafotokoza mosabisa. Mu 2022 chilichonse chokhala ndi mtundu wa buluu ndi chikasu chinkatha pamsika. Anthu ankagula osayang'ana n'komwe, ena kusiya ndalama osatenga katundu. Chaka chotsatira anachepa, ndipo pano ambiri amangodutsa. Anati chifundo chili ngati mvula yoyamba, sungadzalire munda wonse. Amayi anayi aja akufuna malipiro mwezi uliwonse, lendi ikufunika, msonkho akulipira chifukwa msonkhowo ndiwo ukusunga dziko. Akadalira chisoni cha anthu, tsiku limene wailesi idzasiye kutchula Ukraine bizinesi idzafa. Koma munthu amene wagula kope n'kuona kuti silithothoka amabweranso kudzagula lachiwiri. Katundu wawo amayenda ndi Nova Poshta, kampani ya ku Ukraine yotumiza katundu, pamsewu kudutsa ku Poland, poti ndege za anthu wamba siziuluka m'dzikomo chiyambire nkhondo. Bokosi lililonse likafika, anati, amayamba alinunkhiza.

Ndinafunsa funso limene mwina sindikanayenera kufunsa. Ndinati, nanga mizinga ikugwa, kujambula mbalame n'kwa chiyani? Ndinafunsa moona mtima. Ine ndinakulira m'nyumba imene kujambula kunali masewera a ana, ntchito yeniyeni inali unamwino kapena uphunzitsi.

Sanayankhe mwachindunji. Anandiuza za Factor Druk, fakitale yaikulu yosindikiza mabuku ku Kharkiv komweko, imene inaphulitsidwa pa 23 May 2024. Antchito asanu ndi awiri anafa, mabuku okwana 50,000 anapsa. Mng'ono wawo tsiku limenelo anatseka chipinda chija n'kupita kwawo, mawa lake anabweranso. Anandiuza za nyumba yosungira zakale ya ku Ivankiv imene inapsa m'masiku oyambirira a nkhondo, momwe munali zithunzi za Maria Prymachenko, mayi wakumudzi amene ankajambula nyama zodabwitsa zamitundumitundu, ndi mmene anthu a m'deralo anatulutsirako zina. Anabwerera m'mbuyo mpaka 1876, pamene mfumu ya Russia inaletsa kusindikiza mabuku m'chilankhulo cha ku Ukraine, ndi zaka za m'ma 1930 pamene alembi ambiri okhala m'nyumba yotchedwa Slovo ku Kharkiv anamangidwa, ena n'kuphedwa. Anati kwa iwo nkhondoyi si ya malo okha. Munthu amene akunena kuti mtundu wako kulibe, chilankhulo chako ndi nthambi chabe ya chake, umamuyankha ndi buku, nyimbo, ngakhale mbalame pachikuto.

Kenaka anatchula Volodymyr Vakulenko, wolemba mabuku a ana, wa m'mudzi wa Kapytolivka pafupi ndi Izium. Mudziwo utalandidwa iye ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku. Ataona kuti amutenga, anakwirira zolembazo pansi pa mtengo wa cherry pakhomo n'kuuza bambo ake. Asilikali a Russia anamutengadi mu March 2022, ndipo mtembo wake unadzapezeka m'manda a anthu ambirimbiri a kunkhalango ya Izium. Derali litamasulidwa mu September, mlembi mnzake Victoria Amelina anapita kukakumba pamodzi ndi bambo aja mpaka anazipeza, ndipo zinasindikizidwa. Amelinayo anavulazidwa ndi mzinga pa 27 June 2023 ali m'nyumba yodyera ku Kramatorsk, n'kumwalira pa 1 July.

Atafika apa anasiya kulankhula n'kuyamba kulongosola makadi amene anali olongosoka kale. Inenso ndinalibe mawu. Ndakhala ndikulemba za tsiku langa kwa zaka zambiri, za mashifiti, za mabasi ochedwa, za kusowa kwathu. Sizinandibwererepo m'mutu kuti munthu angakumbe dzenje kuti zolemba zotere zipulumuke iye atapita.

Ndiyenera kunena chilungamo. Nkhondoyi itayamba, ine ndinkaimvera m'thumba. Mayi ankaimba kudandaula za mtengo wa feteleza, wa mafuta ophikira, wa buledi, ine n'kumawonjezera ndalama zotumiza. Ndinkawerengera Ukraine ngati dzina la chifukwa chimene zinthu zakwerera. Sindikuti kudandaula kwathu kunali kopanda pake, njala ya kwathu ndi yeniyeni ndipo inaluma anthu amene sanaponyepo mwala. Koma m'maganizo mwanga munalibe mayi wovala tochi pachipumi, botolo la guluu lili pamimba.

Chikundivutabe ndi chakuti mbali ina ya mtima wanga ikanali yowawidwa. Ndinapereka ndi mtima wonse, ndipo mapaundi 8 kwa ine si masewera, ndi gawo lalikulu la ola lathunthu lonyamula ndi kusambitsa okalamba. Akanangolandira n'kuponya okha m'chitini muja, ndani akanadziwa? Koma ndikaganiza choncho ndikuonanso nkhope yawo pamene kope linagona fulati patebulo. Ankafuna kuti ndione ntchito ya mng'ono wawo. Ndikanachoka ndi kope m'chikwama osalitsegula, ndikudzimva kuti ndachita zabwino, ndipo mfundo ya ulusi ija sindikanaiona mpaka kalekale.

Potsanzikana ndinawagwira dzanja ndi manja awiri, mwachikwathu. Anafunsa tanthauzo lake, ndinati ndi ulemu. Anabwezera chimodzimodzi. Anati akhoza kubweranso mwezi wamawa ngati bokosi lifike, pakuti nsalu ya zikuto yatha ndipo amene ankawagulitsa anasamuka.

Ndinadutsa pa chitini paja osaponyamo kanthu. Sindinachite dala, mutu unali utadzaza, ndazindikira ndili kale m'basi. Ndiye ndalamazo zili m'jekete, ya pepala ndi makobidi atatu.

Izi ndalemba pafoni. Kopelo ndalitsegula kangapo, ndafika pogwira cholembera, koma tsamba loyamba likanali loyera. Shifiti ikuyamba 7 koloko. Ku Kharkiv nthawi ili patsogolo ndi maola awiri, ndiye kuti kumeneko kwatsala pang'ono kucha, kaya usiku wapita bwanji.