Ana a mbuzi obadwa ndi chotupa pakhosi

Khola landizunguza mutu mwezi uno. Mbuzi zitatu zaswa motsatizana, ndipo mwa ana asanu, awiri abadwa ndi chotupa pakhosi. Wina anatuluka atafa kale. Mnzakeyo ali moyo, koma anabadwa wolefuka, ubweya wapatalipatali moti khungu limaonekera. Ukam'gwira pansi pa chibwano umamva timibulu tiwiri tolimba, kena mbali iyi ya kholingo, kena mbali inayo. Kuyamwa sankatha, ndiye ndinkakama make n'kumamudonthezera mkaka woyamba wachikasu uja ndi sirinji yopanda singano, pang'onopang'ono kuti asatsamwe.

Aliyense wobwera kudzaona ankaloza tonde, amvekere wakwera ana ake omwe. Zoona, chibale chimabweretsa zilema. Enanu munaonapo mwana wong'ambika m'kamwa, mkaka n'kumatulukira m'mphuno, kapena wobadwa wopanda potulukira chimbudzi. Koma tonde wanga wosakanizika ndi mbuzi za mtundu wa Boer ndinakam'gula ku Salima, ndipo kope langa likuonetsa kuti alibe ubale ndi zazikazi zitatuzi. Ndinatha masiku ndikufunsa kumene anachokera, osapeza kanthu.

Mlangizi wa ziweto atafika, tonde sanamuyang'ane n'komwe. Anangofunsa kuti pa miyezi isanu ya bere zinkadya chiyani. Kuno ku Nkhotakota m'chilimwe msipu ukauma timathamangira makoko a chinangwa cha kondowole, ndipo ine ndimawonjezera lukina wambiri popeza ndili naye mpanda wonse. Iye akuti zonse ziwirizi zili ndi poizoni wotsekereza chithokomiro (kachiwalo ka pakhosi kamene katupa pa anawa) kugwiritsa ntchito ayodini, maka makoko a chinangwa chowawa akaperekedwa osauma. Mcherenso umene ndimathira m'madeya ndi wa pamulu, wopanda pepala losonyeza ngati muli ayodini. Chovuta n'chakuti make amaoneka wonenepa bwinobwino, vuto limakaonekera pa mwana.

Anandichenjezanso kuti ayodini wonyikamo mchombo wa mwana wongobadwa kumene ndisayerekeze kumwetsa mbuzi, chifukwa akachuluka amatupitsanso chithokomiro chomwecho. Komanso tisasokoneze ndi kutupa kofewa kumene kumabwera pakhosi pa ana onenepa oyamwa kwambiri akatha masabata angapo. Kumeneko kumaphwa kokha akaleka kuyamwa.

Mchere wonyambita wokhala ndi ayodini ndaupeza kwa mayi wina wogulitsa zaulimi pa boma. Ndimawakonda chifukwa amakulola kuwerenga chikalata cha pa katundu usanalipire, ndipo mankhwala a njoka zam'mimba akatsala pang'ono kutha mphamvu amanena okha. Ndi iwo amene zaka zapitazo anandiletsa kuphatikiza tonde wopanda nyanga ndi yaikazi yopandanso nyanga, ati pamatuluka ana oti sudziwa ngati ndi aamuna kapena aakazi. Za tonde ameneyo ndidzalemba tsiku lina, anali wakuba chimanga wotheratu.

Kamwana kaja tsopano kakuimirira kokha n'kumayamwa, ngakhale kakatero kamapuma mwaphokoso. Chotupa sichinasinthe kwenikweni.

Zazikazi zina zinayi zili ndi bere. Lukina ndachepetsa, makoko ndikuyanika kaye padzuwa mpaka aume gwa. Mvula ikagwa ndikufuna kudzala mitengo ya gliricidia ndi nsenjere kuseri kwa khola, ndiziumba ndekha mchere wonyambita, ndiguleko sikelo yoti mwana aliyense ndizimuyeza tsiku lobadwa. Mwinanso ndimange khola lachiwiri lam'mwamba la zabere zokha, ndalama zikalola. Alipo amene anayesapo kuumba mcherewu ndi simenti pang'ono osasweka?