Mlandu wa Curt Flood: zomwe ndatolamo teremu ino

Teremu ino pa kosi yathu ya malamulo a zantchito tili pa mutu wa makontilakiti omwe amamanga munthu kuti asachoke kupita kwa bwana wina, ndiye pa milandu yomwe tinauzidwa kuti tikawerenge panali wina wa ku America wa 1972, Flood v. Kuhn. Pa mayeso chomwe chimafunika ndi chachidule, wodandaula anali ndani, amafuna chani, khoti linati chani, basi. Koma nkhani ya bambo ameneyu yandikhala pamtima moti ndapezeka ndikuwerenga za moyo wake wonse mpaka kumaonera mavidiyo akale a baseball pa YouTube, masewera oti kwathu kuno sitiwatsata nkomwe, ndipo ndaona kuti mlanduwu sungaumvetse bwino usanadziwe kuti munthuyo ntchito yake inali yotani komanso anataya chani.

Pa baseball timu yomwe ikutchinga imakhala ndi anthu 9 mu bwalo, mmodzi amaponya mpira, wa timu inayo amaumenya ndi ndodo nkuthamanga. Atatu amaima kutali uko kumapeto kwa bwalo kudikira mipira yomenyedwa mmwamba, amenewo ndiye ma outfielder, akauwakha usanagwe pansi womenya uja watuluka. Wapakati pa atatuwo, center fielder, ndiye amakhala ndi dera lalikulu kuposa onse ndipo amayenera kuyamba kuthamanga mpira ukangochoka pa ndodo, nthawi zina atapatsa mpirawo msana, kuwerengera mmutu komwe ukagwere. Curt Flood ankasewera pamenepo.

Anabadwa mu 1938 ku Houston koma anakulira ku Oakland ku California. Mu 1956 anasayina ndi Cincinnati ndipo anamutumiza ku matimu ang'onoang'ono a kummwera, ku North Carolina kenako ku Savannah ku Georgia, nthawi imene tsankho linali lololedwa ndi malamulo, mnyamata wa zaka 18 wosaloledwa kudya mu resitilanti imodzi ndi anzake a timu yomweyo, ndipo anthu ena oonera akumutukwana chifukwa cha khungu lake uku iye akumenya mpira bwino kuposa onse. Kumapeto kwa 1957 Cincinnati inamupereka ku St. Louis Cardinals ndipo kumeneko ndi komwe anakhala zaka 12.

Sanali wamkulu thupi ayi, komanso sanali wa ma home run ambiri, kumenya mpira mpaka kutuluka kunja kwa bwalo, koma pakuwakha anali katswiri. Analandira Gold Glove, mphotho ya otchinga bwino, zaka 7 zotsatizana kuyambira 1963 mpaka 1969, ndipo mu 1966 anatha sizoni yonse osalakwitsa ndi kamodzi komwe. Pomenya, avereji yake ya moyo wonse ndi .293, kutanthauza kuti pa maulendo 10 aliwonse pafupifupi 3 amamenya bwino nkufika pa besi, malo omwe womenya amathamangira, zomwe pa masewerawa ndi zapamwamba ndithu. Cardinals inatenga World Series, fainolo ya ligi yaikulu, mu 1964 ndi 1967 iye ali pakati pa bwalo. Mu 1968 anafikanso mu fainolo ndi Detroit Tigers, gemu yachi 7 yomaliza, Bob Gibson wa Cardinals akuponya, palibe timu yomwe inali itagoletsa, Jim Northrup wa Detroit anamenya mpira wautali, Flood anayamba walowera kutsogolo kenako pobwerera phazi linaterereka mpira nkumudutsa pamutu, Detroit inawina 4-1. Zimandiwawa kuti munthu wowakha bwino choncho ena amamukumbukira ndi mpira umodzi umenewo.

Tsopano nkhani yeniyeni. Pa 7 October 1969 Cardinals inamusinthanitsa, iye ndi anzake atatu kuphatikizapo Tim McCarver, kupita ku Philadelphia Phillies, ndipo ku St. Louis kunabwera Dick Allen ndi ena awiri. Palibe anamufunsa maganizo. Anangomva pa foni, osatinso kuchokera kwa mwini timu koma kwa bwana wina wa mu ofesi. Munthu wa zaka 31, moyo wake wonse ndi bizinesi zake zili mu mzinda umenewo, nkungouzidwa kuti longedza. Ndipo malamulo a ligi amalola zimenezo chifukwa cha kachigawo kena ka mu kontilakiti kotchedwa reserve clause. Mmene ndamvera ine kamagwira ntchito chonchi: kontilakiti ikatha timu inali ndi ufulu woiwonjezera chaka chimodzi ngakhale osewerayo asanavomere, ndiye eni matimu amati mu chaka chowonjezeracho kachigawo komweko kalimonso, choncho angathe kuwonjezeranso, nkuwonjezeranso, mpaka kalekale. Matimu enawo anali atagwirizana kuti sangalembe munthu wa mnzawo. Ndiye osewera anali ndi njira ziwiri zokha, kuvomera zomwe wapatsidwa kapena kusiya masewera.

Flood anakana. Pa 24 December 1969 analembera kalata Bowie Kuhn, komishonala wa ligi, kunena kuti patatha zaka 12 akusewera sakudziona ngati katundu woti nkugulidwa ndi kugulitsidwa mosaganizira zofuna zake, ndipo anapempha kuti matimu onse auzidwe kuti ali womasuka kukambirana naye. Kuhn anakana, nkhani inapita ku khoti.

Apa ndi pomwe ndakhala ndikuganizapo kwambiri. Marvin Miller, yemwe amatsogolera bungwe la osewera, anamuuziratu kuti mwayi wowina ndi wochepa kwambiri komanso kuti ngakhale atawina iye mwini sadzapindula kanthu, ntchito ya mu baseball aiwale. Flood amalandira $90,000 pa chaka, ndalama zambiri zedi nthawi imeneyo, moti anthu ambiri amamuseka kuti wolemera chonchi akudandaula chani. Funso limenelo ngakhale mu kalasi mwathu linabwera ndithu, wina anati amene akulipidwa bwino alibe chodandaula. Ine sindikuvomereza. Malipiro ndi nkhani ina, ufulu wokana ndi nkhani inanso, ndipo munthu amene sangachoke ngakhale malipiro akewo sangakambirane bwino chifukwa bwana akudziwa kuti kulibe koti apite. Komanso ndikuganiza kuti amafunika munthu wa dzina ngati iyeyo, chifukwa osewera wamba akanakana akanangomutaya mwakachetechete palibe akanamva.

Bungwe linavomera kulipira maloya ndipo anamuimira ndi Arthur Goldberg, yemwe kale anali jaji wa khoti lalikulu la ku America la Supreme Court. Pa mlandu woyamba ku New York mu 1970 Jackie Robinson, amene anatsegula khomo la osewera akuda mu ligi yaikulu mu 1947, anabwera kudzamuikira umboni, Hank Greenberg, katswiri wina wa baseball, nayenso anabwera, koma onsewa anali opuma kale. Mwa osewera omwe anali akadali pa ntchito palibe ndi mmodzi yemwe amene anaima kumuikira umboni. Sindikuwaweruza kwambiri, amaopa ntchito, koma taganizani kukhala mu khoti ukumenyera anthu oti sakuoneka.

Chaka cha 1970 sanasewere. Kumapeto kwa chakacho Washington Senators inamutenga koma mu 1971 anangosewera magemu 13, mphamvu zitatha, ngongole zili pakhosi, anachoka nkupita ku Ulaya, anakakhala ku Majorca ku Spain komwe amayendetsa bala, ndipo mowa unamuvutitsa zaka zambiri asanausiye.

Chigamulo cha Supreme Court chinatuluka pa 19 June 1972, majaji 5 kwa 3, Flood waluza. Chifukwa chake ndiye chodabwitsa. Mu 1922 khotilo linagamula kuti baseball si malonda odutsa malire a maboma a mu America choncho malamulo oletsa makampani kugwirizana popondereza mpikisano sakuikhudza, mu 1953 pa mlandu wa Toolson linabwerezanso zomwezo. Jaji Harry Blackmun polemba chigamulo cha 1972 anavomereza yekha kuti baseball ndi bizinesi ndithu yodutsa malire ndipo kuipatula chonchi ndi chinthu chosagwirizana ndi mmene amachitira ndi masewera ena, koma anati poti zakhala choncho nthawi yaitali wokonza ndi nyumba ya malamulo osati khoti. Pa kosi yathu mlanduwu amauphunzitsa ngati chitsanzo cha khoti kutsatira zigamulo zake zakale, ndipo ndikumvetsa ubwino wake kuti malamulo asamangosinthasintha, koma apa ine ndili mbali ya majaji atatu aja, cholakwika chinayambidwa ndi khoti chimayenera kukonzedwa ndi khoti lomwelo.

Chomwe ndaphunzira chachikulu ndi mmene reserve clause inagwera, chifukwa siinagwere mu khoti ayi. Mu 1970 bungwe la Miller linali litapeza kale chinthu chooneka chaching'ono pa mgwirizano ndi eni matimu, kuti madandaulo azikamvedwa ndi mkhalapakati wosakondera mbali mmalo mwa komishonala yemwe amalembedwa ntchito ndi eni matimu omwewo. Mu 1973 anapezanso lamulo loti osewera amene watha zaka 10 mu ligi, 5 zomaliza pa timu imodzi, angathe kukana kusinthanitsidwa, lomwe likanakhalapo mu 1969 bwenzi Flood atangoti ayi nkhani nkutha. Kenako mu 1975 Andy Messersmith wa Los Angeles Dodgers ndi Dave McNally wa Montreal Expos anakhala osasayina kontilakiti yatsopano, chaka chowonjezera chija chitatha anati ife tamasuka. Mkhalapakati Peter Seitz anawerenga mawu a kontilakiti mmene analembedwera nkugamula mu December 1975 kuti chaka chimodzi ndi chimodzi basi. Eni matimu anamuchotsa ntchito nthawi yomweyo, anakasuma koma analuza, ndipo mu 1976 panabwera mgwirizano woti osewera akakwanitsa zaka 6 angathe kupita komwe akufuna.

Ndiye wina angafunse kuti nanga Flood anathandiza chani poti zinatheka ndi njira ina. Mmene ndikuonera ine, mlandu wake unachititsa eni matimu kunena pamaso pa majaji kuti nkhani imeneyi ndi yofunika kukambirana pa tebulo ndi bungwe osati ku khoti, ndipo unaonetsa osewera enawo kuti kachigawo kaja nkotheka kukatsutsa. Okonda mpira wa miyendo mukudziwa za Jean-Marc Bosman wa ku Belgium, yemwe timu yake ya RFC Liège inamutsekereza kupita ku Dunkerque mu 1990 kontilakiti itatha kale, iye anawina ku khoti la ku Ulaya mu 1995 ndipo nchifukwa chake lero timamva zoti wakuti wapita mwaulere, koma naye nthawi yake yabwino yosewera inathera mu mlandu. Pa asayimenti yanga ndikufuna kuyerekeza awiriwa, makamaka funso loti nchifukwa chani wina anapeza yankho kwa majaji pomwe anzake a winayo anakalipeza kwa mkhalapakati.

Flood anamwalira mu January 1997 ndi khansa ya pakhosi ali ndi zaka 59. Mu 1998 nyumba ya malamulo inakhazikitsa Curt Flood Act yomwe inati osewera a ligi yaikulu nawonso akutetezedwa ndi malamulo a mpikisano aja pa nkhani za ntchito yawo, zomwe iye amapempha zaka 28 mmbuyomo. Marvin Miller anasankhidwa kulowa mu Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a baseball, mu 2019, nayenso atamwalira kale, ndipo ine ndikuona kuti Flood ndi woyenera kukhala mmenemo, pa ma Gold Glove 7 aja komanso pa kalata ya mu December 1969 ija.