DeMbare yanga, pakati pavuta

Abale anga a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, dzulo ndinali pa bwalo la Rufaro ku Harare ndipo mawu andithera ndi kukuwa. Anyamata athu a Dynamos, timu yomwe timaitcha DeMbare, anasewera ndi mtima wonse, palibe angatsutse. Goloboyi wathu anauluka n'kukankhira kunja mpira ndi nsonga za zala, ena tonse titagwira kale kumutu. Otchinga kumbuyo nawonso anaima nji.

Koma pakati pakundipweteka mtima. Mpira ukangofika pamenepo akuumenya m'mwamba, womwetsa zigoli wathu n'kumalimbana yekhayekha ndi madoda awiri ataliatali mpaka kutopa. Kupatsirana pansi kuja kunapita kuti? Akuluakulu amene munaonera Moses Chunga, magazi a kwathu ku Malawi, akusewera mu Dynamos, mukudziwa zomwe ndikunena. Munthu ankauimitsa mpira, kudzutsa mutu, kenako kuupereka pa phazi la mnzake. Dynamos yathuyi inafika mu fainolo ya CAF Champions League mu 1998, kukakumana ndi ASEC Mimosas ya ku Ivory Coast. Jezi ya buluu ija ndi yolemera, anyamata.

Aphunzitsi, chonde, kamnyamata ka kumapiko kanalowa chigawo chachiwiri kaja kayambe masewero akubwerawa. Kali ndi liwiro, ndipo sikaopa munthu.