Kampasi, divayida ndi sitima yachitsulo ya ku Bristol

Sitima yapamtunda yochokera ku Paddington mumzinda wa London imafika ku Bristol Temple Meads pasanathe maola awiri, ndipo njanji imene imadutsamo ndi yomwe injiniya Isambard Kingdom Brunel anaikonzera mapulani m'zaka za m'ma 1830. Nditatsika ndinakwera kaboti kamene kamanyamula anthu m'doko la mzinda wa Bristol, kakanditula pafupi ndi SS Great Britain, sitima yapamadzi yachitsulo yotalika mamita 98 imene Brunel yemweyo anaikonzera mapulani, ndipo inalowa m'madzi mu 1843. Sitimayi inakhala zaka zambiri itatayidwa ku zilumba za Falkland, kum'mwera kwa nyanja ya Atlantic, kufikira mu 1970 pamene anaikoka n'kuibwezera m'doko louma lomwe anaipangiramo. Alendo ambiri amathamangira kukakwera sitimayo, koma ine chimene chinandikoka kwenikweni chinali nyumba yakale ya pambali pake, imene inali ofesi yojambuliramo mapulani, ndipo kuyambira 2018 ili mbali ya malo oonetserako moyo ndi ntchito za Brunel.

Aliyense amene anakhalapo ndi kabokosi ka zida za masamu ku sekondale angazindikire msanga kampasi ndi divayida, ngakhale kuti za mainjiniya a nthawi imeneyo zinali zamkuwa, za nsonga zachitsulo cholimba, ndipo zinkagona m'bokosi lamatabwa, chilichonse m'kamphako kake. Kampasi inali yojambulira mizere yozungulira, pamene divayida, yomwe miyendo yake yonse iwiri ndi yosongoka, sinkalemba kanthu: ntchito yake inali kutola muyeso pa rula n'kukauika papepala popanda kuusintha ngakhale pang'ono. Marula abwino ankawasema kuchokera ku minyanga ya njovu kapena ku mtengo wolimba, ndipo poyang'ana kuyera kwake munthu wochokera kwathu sangalephere kuganizira za njovu za mu Africa zimene zinathera m'malonda amenewo.

Chida chimene ndinachedwa nacho kwambiri ndi cholembera mizere cha inki. Chilibe thumba la inki ngati mapeni a lero. Kunsonga kwake kuli timasamba tiwiri tachitsulo toyang'anizana, ndipo pakati pake pali kasikuluwu kamene ukakamanga timasambato timayandikana mzere n'kuchepa, ukakamasula mzere n'kunenepa. Inki ankayamba aipera kuchokera ku kamtanda kouma posakaniza ndi madzi, kenako n'kudonthezera kadontho pakati pa timasambato. Wojambula akaimitsa dzanja pakati pa mzere inki inkadikha, akapendeketsa cholemberacho inkalowa pansi pa rula n'kudetsa pepala, ndipo kufufuta kunali kupala pepalalo ndi kampeni mosamala kuti lisabowoke. N'chifukwa chake pulani yonse inkayamba yamalizidwa ndi pensulo, inki n'kubwera pambuyo, ndipo pomaliza ankapaka utoto wamadzi wosonyeza chimene chiwalo chilichonse chidzapangidwe nacho, monga wachikasu pa mkuwa ndi wofiira pa njerwa.

Kusamala konseku kunali ndi chifukwa chomveka. Pa sikelo yofala m'mapulani a sitima, kota ya inchi papepala inkaimira futi imodzi, kutanthauza kuti chinthu chenichenicho chinali chachikulu kuwirikiza ka 48. Nsonga ya divayida ikaterereka ndi milimita imodzi yokha, pachitsulo pankakhala kusiyana kwa pafupifupi masentimita asanu, ndipo mabowo a misomali yolumikizira zitsulo sakanakumana. Mbali zokhota za sitima zinali ndi vuto lakelake, popeza kampasi siingathe kuzijambula. Pamenepa ankagwiritsa ntchito timatabwa tosemedwa mokhota mosiyanasiyana, kapenanso kandodo kakatali kopyapyala kamene ankakapinda motsata timadontho n'kukatsindira ndi zolemera zamtovu kuti kasasunthe pamene akulemba mzere.

Brunel, amene anabadwa mu 1806 n'kumwalira mu 1859, anaphunzira kujambula ali mwana kwa bambo ake, Marc Brunel, ndipo ali mnyamata anakakhala kwa katswiri wopanga mawotchi Abraham-Louis Breguet ku Paris. Pamalo oonetserako a ku Bristol aja pali ngolo ya sitima yapamtunda yogwedezeka mwadala, momwe alendo amayesa kujambula mzere wozungulira ndi dzanja lokha, ndipo ana ndi amene ankaseka kwambiri poona zimene makolo awo atulutsa. Komabe m'maganizo mwanga dzina limodzi silikwanira pa ntchito yotere. William Patterson, mmisiri wa sitima wa ku Bristol komweko, anathandiza kukonza maonekedwe a thupi la SS Great Britain, Thomas Guppy ankayang'anira zambiri za kamangidwe kake, ndipo panalinso ojambula wamba amene ankakopera pulani iliyonse ndi manja. Njira yokopera mapulani ndi dzuwa pa pepala labuluu inachokera pa zimene wasayansi John Herschel anatulukira mu 1842, koma inafala m'maofesi patapita zaka zambiri.

Kenako ndinatsikira pansi pa galasi lothiridwa madzi limene lazungulira sitimayi, kumene mpweya amauumitsa kuti chinyezi chikhale cha m'ma 20 peresenti poletsa dzimbiri. Kumbuyo kwa sitimayo kuli pulopela yaikulu, chitsulo chozungulira pansi pa madzi chokankha sitima, ndipo nkhani yake ndi ya ojambula omwe aja. Poyamba sitimayi inayenera kuyenda ndi mawilo opalasa madzi a m'mbali, koma mu 1840 ku Bristol kunafika SS Archimedes, yoyendera pulopela, ndipo Brunel ataiyesa anakopa akuluakulu a kampani yomanga SS Great Britain kuti asinthe, chitsulo chitayamba kale kumangidwa. Mapulani a injini ndi a mbali ya kumbuyo anayenera kujambulidwanso ndi pensulo, divayida ndi inki, ndipo zimenezi zinachedwetsa ntchito yonse ndi miyezi yambiri.