Mjigo wa alendo wauma mu Okutobala

Sabata yathayi inali yoperekeza alendo asanu ndi mmodzi ochokera ku Scotland, anthu a mpingo omwe anasonkha za m'matumba mwawo kuti midzi ina ya ku Balaka ikhale ndi mijigo. Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo. Kukawatenga pa Chileka, kukaonekera kwa amfumu ndi a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), kenako mijigo itatu. Kayesedwe ndi komwe kaja: kupopa ka 40 pa mphindi imodzi kuzitulutsa malita pafupifupi 16, ndipo mjigo ukapuma theka la ola, madzi azifika usanapope kopitirira kasanu. Yonse itatu inakhoza.

Lachitatu ndiye kunali nkhani. Mjigo wachinayi, wa mtundu wa Afridev, wokumbidwa mu Malichi chaka chomwe chino, unadzaza ndowa ziwiri basi, kenako handulo inangopepuka, madzi zii. Ku ofesi kwathu ankadziwa za vutoli. Dzulo lake anali atatumiza uthenga kwa a komiti ya mjigo kuti amange handulo ndi tcheni, pasapezeke wotunga mpaka galimoto ya alendo itafika, kuti madzi aunjikane pansi. Tsiku lonselo amayi anakatunga kudambo. Chomwe mabwana sanaganize n'choti mlendo akagwira handulo sasiya msanga, amafuna aliyense amujambule.

Mekaniki wa m'dera anazula pomwepo marodi, zitsulo zotsika pansi kuchokera ku handulo. Pulanja yokoka madzi ndi timalabala take, bobini ndi U-seal, zonse zinali zabwinobwino, futuvavu yotsekera madzi kuti asabwerere pansi sinkadontha. Vuto ndi dzenje lenilenilo. Kontrakitala anakumba mvula ikugwabe, madzi ali pamwamba, ndipo silinda, momwe mumayenda pulanja, anaikhazika potengera madzi a nthawi imeneyo. Pofika Okutobala madzi atsika, silinda yatsala pang'ono kukhala pouma, ndiye ikangokoka pang'ono imayamba kumeza mpweya. Aliyense wa ntchito ino amadziwa kuti mjigo wodalirika ndi wokumba m'chilimwe, madzi atatsikiratu. Uwu anaufulumizitsa kuti zithunzi zikafike kwa osonkha ndalama msonkhano wawo wapachaka usanachitike.

Kuwonjezera mapaipi awiri ndi marodi awiri, mamita pafupifupi 6, kungathandize ngati pansi patsala malo. Koma m'faelo mulibe lipoti la kakumbidwe, mulibenso la pumping test, yoyesa kuchuluka kwa madzi omwe dzenje lingapereke, kotero kuya kwa dzenje ndi pomwe pali mapaipi oboola olowetsa madzi m'dzenjemo palibe akudziwa. Kontrakitala analipidwa bwanji popanda mapepala amenewa, funso limenelo ku ofesi sakulifuna. Kuti tiyeze tokha mpaka tizule mapaipi onse a PVC, omwe ndi omata ndi guluu. Amatuluka ali mzere umodzi wautali, ndipo pamafunika anthu ambiri ndi mitengo ya mphanda yochirikiza, apo ayi amathyoka. Imeneyo ndi ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo mafuta a galimoto anawerengera ulendo wa alendo wokha.

Alendowo sindingawanene. Mayi wina wachikulire mwa iwo anafunsa kuti ndalama yokonzera mijigo inaikidwa pati. Sinaikidwe. Ya chikwangwani cha mayina awo ilipo, ya magule olandirira alendo ilipo, koma ya mabushi a pa handulo ndi U-seal, zomwe zimatha chaka chisanathe ngati mjigo uli wotanganidwa, palibe. Muyezo wa boma ndi anthu 250 pa mjigo umodzi, pomwe uwu ukudaliridwa ndi midzi itatu kuphatikiza sukulu ya pulayimale. A komiti anaphunzitsidwa tsiku limodzi lokha, ndipo msungichuma alibe ngakhale kope lolembamo zopereka za mwezi.

Lachinayi tinakaona zimbudzi za pasukulu ndi dimba la amayi, zonse zili bwino. Lachisanu kubwerera ku Chileka, madzulo lipoti. Lipotilo labwezedwa kale, ati ndime ya tcheni ichotsedwe chifukwa ingakhumudwitse otithandiza. Ndimeyo ikadalimo, ndipo pansi pake ndawonjezera mtengo wa mapaipi awiri, marodi awiri, guluu ndi mafuta a tsiku limodzi.