Timabwereketsa manga, ndipo timagula nkhani zathunthu zokha

Bizinesi yathu ndi yobwereketsa manga, mabuku a nkhani zojambula a ku Japan, m'kachipinda ka mashelefu atatu ndi benchi imodzi. Ambiri amene amabwera anayamba aonera anime, makatuni a ku Japan, pafoni, ndipo akufuna kuona nkhaniyo mmene mwini wake anaijambulira. Amene anatopa ndi magawo ongotalikitsa nkhani mu anime ya Naruto amakondwa akapeza kuti m'mabuku mulibe zimenezo.

Wobwera koyamba timayamba tamuonetsa kagwiridwe ka buku. Manga imawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Kumene tinazolowera kuti ndi kumbuyo kwa buku ndiye koyambira, ndipo patsamba umayamba ndi kabokosi ka pamwamba kumanja. Wosauzidwa amatsegula kumapeto n'kudziwiratu mathero asanayambe.

Ntchitoyi imalimba kapena kugwa pa kagulidwe. Nkhani imodzi imayalidwa m'mabuku ambiri, lililonse la masamba pafupifupi 200. Naruto ya Masashi Kishimoto, yomwe inatuluka kuyambira 1999 mpaka 2014, ili ndi mabuku 72. One Piece ya Eiichiro Oda inayamba mu 1997 ndipo inadutsa kale mabuku 100. Kuyamba ndi nkhani zoterezi mpamba uli wochepa n'kudziika pamavuto: ugula khumi oyambirira, kasitomala awamaliza pamasabata awiri, kenako alibenso chobwerera. Ife timagula nkhani zazifupi zomwe zinatha kale, ndipo timazigula zathunthu. Death Note ndi mabuku 12, Demon Slayer 23, Fullmetal Alchemist 27. Wogulitsa mabuku akale akabweretsa nkhani yosowa buku limodzi la pakati, sitigula ngakhale atsitse mtengo chotani. Owerenga amaima pomwe pali mpatapo, otsatira onse n'kumangodya fumbi pashelefu.

Pa chifukwa chomwecho, kasitomala amatenga mabuku awiri okha otsatizana, kwa masiku atatu, atasiya chikole chokwana mtengo wa buku limodzi. Lililonse lili ndi nambala pamsana ndi mzere wake m'kaundula. Buku loyamba la nkhani iliyonse timagula awiri, chifukwa ndi limene limadutsa m'manja ambiri.

Masamba a manga sasokedwa, amangomatidwa ndi guluu pamsana. Munthu akalitambasula mwamphamvu kuti aone bwino chithunzi chodzaza masamba awiri, msana umathyoka ndipo masamba apakati amayamba kuyoyoka. Mabuku ophatikiza atatu m'limodzi ndi otsika mtengo, koma pepala lake n'lopyapyala ndipo msana wake wonenepa suchedwa kugawanika, choncho obwereketsa sawayenera. Tsamba likachoka, timapaka guluu woyera wa akalipentala pang'ono chabe m'mphepete mwake ndi kabulashi, kulilowetsa pamalo pake, kutseka buku n'kuikapo cholemera usiku wonse. Guluu ukachuluka umamata masamba oyandikana. Selotepi sitigwiritsa ntchito: imachita chikasu, imamatuka, n'kusiya banga pachithunzi.

M'dzinja chinyezi chimapinda masamba n'kubweretsa nkhungu, ndiye mashelefu timawasiya masentimita 10 kuchoka kukhoma, ndipo shelefu ya pansi imakhala yokwezeka poopa chiswe. Dzuwa la pawindo limafwifwitsa zikuto, choncho nsalu yotchinga siichoka.

Makolo ambiri akaona zojambula amaganiza kuti zonse ndi za ana, ndipo apa sitichita chibwana. Ku Japan manga imagawidwa potengera owerenga: shōnen ya anyamata, shōjo ya atsikana, seinen ndi josei za akuluakulu. Mabuku a Chingerezi a kampani yosindikiza ya Viz Media amakhala ndi chizindikiro pachikuto: A ya aliyense, T ya achinyamata, T+ ya okulirapo, M ya akuluakulu okha. Death Note ndi T+, ndipo mwana wa ku pulayimale sitimupatsa ngakhale achonderere. Za M zimakhala kuseri kwa kauntala.

Wosadziwa poyambira timamuuza atsegule Manga Plus, pulogalamu ya pafoni ya kampani ya Shueisha yomwe inayamba mu 2019, momwe mitu itatu yoyambirira ya nkhani zambiri imawerengedwa mwaulere. Akaikonda nkhaniyo amabwera kudzatenga buku loyamba, ndipo timamulembera lachiwiri m'kaundula kuti wina asamulande.